Kubwereranso pa njinga ya m'mapiri: zoti mudziwe musanatsike mtsetse

Ngati munaimika njinga kwa miyezi kapena zaka ndipo mtima ukufunanso tinjira ta m'nkhalango, bwererani ndithu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena 75 mpaka 150 ngati ndi okhetsa thukuta kwambiri. Kupalasa pachitunda kumalimbitsa mtima ndi mapapo, kumathandiza kutsitsa BP ndi shuga m'magazi, ndiponso mawondo savutika ngati pothamanga poti thupi limatsamira pa chishalo. Ambiri amagonanso bwino ndipo nkhawa zimachepa.

Vuto lili pa masabata oyambirira. Luso lowongolera njinga limabwerera msanga, koma mphamvu ya m'manja, m'miyendo ndi mpweya zimachedwa. Munthu amadziona ngati wakale uja, n'kulowa mtsetse atatopa kale. Ngozi zambiri zoopsa zimachitikira potsika: tayala lakutsogolo lagunda muzu kapena mwala, kapena mwafinya buleki yakutsogolo modzidzimuka, basi mwaulukira kutsogolo kwa mahandulo. Lomwe limathyoka kawirikawiri ndi fupa lapakati pa khosi ndi phewa, ndipo kwa wamkulu limatenga masabata 6 mpaka 8 kuti lilumikizane. Mkono ndi phewa zimavulalanso chifukwa munthu akamagwa amatsogoza dzanja.

Mukamenyetsa mutu

Ubongo umatha kugwedezeka ngakhale munthu asanakomoke. Mukamva mutu, chizungulire, kapena simukukumbukira mmene mwagwera, kupalasa kwathera pomwepo tsiku limenelo, anzanu anene zotani. Thamangirani kuchipatala ngati mukusanza mobwereza, mutu ukuwawirawira, tulo tikukugwirani mosadziwika bwino, mukusokonezeka, mwachita khunyu, kapena madzi akutuluka m'khutu kapena m'mphuno. Mnzanu akamadandaula khosi kapena dzanzi m'manja ndi m'miyendo, musamudzutse kapena kumupinda khosi. Chipewa choteteza mutu chikagunda pansi mwamphamvu kamodzi, ntchito yake yatha ngakhale chikuoneka chabwinobwino, gulani china. Chija cha pa kaunjika simudziwa kuti chinagwa kangati.

Handulo ikakubayani pamimba

Apa m'pamene anthu amapeputsa, chifukwa kunja kumangooneka kachizindikiro kozungulira basi. Mkati kapamba akhoza kung'ambika n'kumataya magazi pang'onopang'ono. Kwathu kuno izi n'zofunika kusamala kwambiri chifukwa malungo amatupitsa kapamba, ndipo kapamba wotupa sachedwa kuphulika. Kupweteka kumanzere m'munsi mwa nthiti kapena pamwamba pa phewa lakumanzere, kufooka, chizungulire ndi thukuta lozizira, ngakhale patapita maola angapo, ndi nkhani ya kuchipatala nthawi yomweyo. Ngati mwangochira kumene malungo, funsani kaye a dokotala musanapite kumiyala.

Zilonda zokalika tsukani ndi madzi oyera ndi sopo mpaka dothi lonse lichoke. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, choncho onani ngati katemera wanu sanapitirire nthawi.

Musanayambe

Kaonaneni ndi achipatala ngati muli ndi vuto la mtima, mumamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika mukamayenda, BP yanu siinakhazikike, kapena mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana. A matenda a shuga nyamulani chotsekemera m'thumba.

Njinga yokhalitsa m'nyumba nayo imakalamba. Matayala amachita ming'alu, tcheni chimachita dzimbiri, mabuleki amafooka. Ipititseni kwa wokonza njinga, osangoipopa mpweya n'kunyamuka.

Yambani ndi misewu yafumbi yosatsetsereka kwa masabata angapo, kenako tinjira tomwe mumatidziwa. Musakhulupirire kuti tili mmene munatisiyira: mvula imakumba zigwembe, ndipo m'nkhalango za paini ngati za pa Zomba ndi ku Viphya masamba ouma ndi katondo wonyowa zimaterera koopsa. Pamalo pokayikitsa tsikani muikankhe. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala nyamukani m'mamawa dzuwa lisanaswe mtengo, mutatenga madzi okwanira. Musapite nokha, ndipo uzani wina kunyumba njira yomwe mudzere ndi nthawi yobwerera, chifukwa m'zigwa zambiri netiweki ya foni imasowa.