Musanathire dothi lonyowa m'khola la kangaude wanu, tamvani izi

Ndatopa nawo mawu akuti "kholali limadzisamala lokha". Amene akubwera nawo kwa ine, dokotala wa ziweto, masiku ano ndi anyamata a ku Moatize, a mumzinda wa Tete ndi ena a kuno ku Ulónguè, amene aona pa YouTube ndi pa Facebook makola agalasi odzaza dothi, masamba ouma ndi zomera zobiriwira, m'kati mwake muli kangaude wamkulu waubweya, buluzi kapena birimankhwe. Makola amenewa amawatcha bioactive. M'dothi lake amaikamo tizilombo tamitundu iwiri: ma springtail, toyera tating'onoting'ono todya chuku, ndi ma isopod, todya masamba owola ndi zotsala za chakudya. Cholinga n'chakuti khola lisamanunkhe ndiponso mwini asamasinthe dothi kawirikawiri. Nzeruyi ndi yabwino pamalo pake. Kwa achule a m'nkhalango zamvula za ku South America, kapena nalimata amene kwawo chinyezi sichitha chaka chonse, imathandizadi. Koma anthu aitenga n'kuiika pa nyama za m'chigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo mvula ikaleka mu Malichi kapena Epulo nthaka imauma mpaka Novembala.

Akangaude akuluakulu amene timawapeza kuno, monga a mtundu wa Ceratogyrus, ena mwa iwo okhala ndi kanyanga pamsana, ndi a mtundu wa Pterinochilus, amakhala m'mauna oyalidwa ndi ulusi wawo. Wamkazi amatha kukhala mu una umodzi zaka ndi zaka. Pansi penipeni pa unawo pamakhala kachinyezi pang'ono, koma kukamwa kwake kumakhala kouma ndipo mphepo imadutsa. Kangaudeyu amapuma ndi mapapo anayi amene ali kunsi kwa mimba, moyang'ana dothi. Tsono inu mukamuika m'galasi la nsomba lovindikira pamwamba, n'kumathira madzi kuti ma springtail asafe, ndiye kuti usana ndi usiku akupuma mpweya wonyowa wosayenda. Posakhalitsa amayamba kukwera m'makoma a galasi n'kukakamira ku chivindikiro osafuna kutsika. Eni ake amandiuza kuti akusewera. Ayi, akuthawa dothilo. Ndipo tsiku limene adzaterereke n'kugwa, mimba yake idzang'ambika, madzi a m'thupi n'kuyamba kutuluka, ndipo bala likakhala lalikulu palibe dokotala angamupulumutse. N'chifukwa chake mpata wochokera padothi kufika pa chivindikiro usamapitirire utali wa miyendo yake atatambasula, kuwonjezapo theka.

Funso limene ndimawafunsa onse ndi ili: tizilombo toyeretsato tiyeretsa chiyani? Kangaude wamkulu amadya kamodzi pa sabata, nthawi zina kamodzi pa masabata awiri, ndipo akamaliza amasiya kampira kakang'ono ka zotsala kamene mungachotse ndi kopanira. Zinyalala zake n'zimenezo, kuphatikizapo chimbudzi pang'ono. Ma isopod akachulukana n'kusowa chakudya amafuna china choti adye, ndipo amachipeza pa tsiku limene kangaude akufundula.

Apa ndiye pali nkhani imene imandisautsabe. Mnyamata wina wa kusekondale anabwera ndi bambo ake pa chapa (minibasi), galasi ali nalo pamiyendo ulendo wonse. Kangaude wake, wamkazi, anamusunga bwino nthawi yaitali m'kabokosi kapulasitiki koboola m'mbali, dothi louma lakuya, kachivindikiro ka botolo kokhala ndi madzi pakona. Zonse anali kuchita molondola. Kenako munthu wina pagulu la WhatsApp anamuuza kuti akuzunza chiweto chake, namugulitsa thumba la dothi lakuda, ndere ndi ma isopod. Mnyamatayo anapereka ndalama zimene anasunga, nasamutsira kangaude m'galasi. Patapita masabata angapo anamupeza atagona chagada, miyendo m'mwamba. Kumeneko n'kufundula, ndipo aliyense wosunga kangaude ayenera kudziwa kuti pa nthawi imeneyi sakhudzidwa, sathiridwa madzi, sapatsidwa chakudya. Akatuluka m'chikopa chakale thupi lake limakhala lofewa ngati phala, mano ake oyera osalimba, ndipo wamkulu amafuna sabata imodzi kapena awiri kuti alimbe. Sangathawe, sangalume. Usiku umenewo ma isopod anamudya miyendo iwiri ndi mbali ya mimba.

M'mawa mnyamatayo anafunsa wogulitsa uja. Iye anayankha kuti apopere madzi ambiri n'kudikira, dothi limuchiritsa lokha. Anadikira masiku anayi. Pofika kwa ine miyendo yotsala inali itapindikira kunsi kwa thupi, chizindikiro chakuti kangaude ali pafupi kufa. Mnyamatayo anati, "Adokotala, mukamubaya jakisoni sadzuka?" Ndinamuyankha kuti, "Mwana wanga, tachedwa." Bambo ake anangoti zii. Akadamuchotsa m'mawa woyamba uja, n'kumuika m'kabokosi koyera kopanda tizilombo, madzi akumwa ali pafupi, bala n'kulithira pang'ono ufa wosalala wa chimanga kuti madzi asiye kutuluka, mwayi unalipo, chifukwa miyendo yoduka imaphukanso akamafundula ulendo wina. Chimene chimandipweteka n'chakuti mwanayu sanali wosasamala. Anawononga chiweto chake pofuna kuchichitira zabwino, chifukwa chomvera munthu amene analankhula molimba mtima pa zinthu zimene sakuzidziwa.

Dothi lenilenilo nalonso ndi nkhani. Ambiri amakatapa kudimba kapena kumunda poti n'lakuda, likuoneka lachonde. Inu a ku Angónia ndi ku Tsangano mukudziwa bwino zimene timapopera pa kachewere, pa fodya ndi pa tomato, ndipo chibwerere ntchemberezandonda mu 2017 chimanga nachonso chikupoperedwa kwambiri. Mankhwala ngati cypermethrin anapangidwa kuti aphe tizilombo, ndipo kangaude sawapirira. Amayamba kugwedeza miyendo mosalongosoka, kulephera kuyenda, kulephera kugwira chakudya, ndipo mankhwala obwezeretsa palibe. Zomwezo zimachitika ndi mankhwala opopera udzudzu m'chipinda, utsi wa koyilo, manja amene angosisita galu wothiridwa mankhwala a utitiri, ngakhale ziwala zogwidwa m'munda wopopera. Dothi la kutchire limabweranso ndi nyerere, nthata ndi anankalizi ang'onoang'ono amene simungawaone potapa.

Koma kunena zoona, akangaude ndimawaona apo ndi apo. Amene amandifikira kawirikawiri ndi akamba ndi abirimankhwe otoledwa m'mbali mwa msewu wopita ku Zóbuè kapena m'minda nthawi ya dzinja. Nyama ya kutchire nthawi zambiri imakhala ndi njoka za m'mimba. Kutchireko imachita chimbudzi apa n'kupita kutali, koma m'khola losasinthidwa dothi mazira a njokazo amatsala momwemo, nyama n'kumawamezanso pamodzi ndi chakudya, njoka n'kuchulukirachulukira. Ma isopod amabisa chimbudzi m'maso mwanu, koma musadalire kuti atha mazirawo. Ndiye taonani: chimbudzi chimene chikadakuuzani kuti nyama ikutsekula m'mimba, kapena yasiya kudya, kapena ikutuluka magazi, chasowa musanachione. Mukamazindikira kuti yadwala, yaonda kale, maso alowa m'kati. Nyama zokwawa sizionetsa matenda msanga, zimaonetsa zinthu zitafika poipa. N'chifukwa chake nyama yatsopano kapena yodwala iyenera kukhala pa pepala loyera losinthidwa tsiku ndi tsiku, kwa mwezi umodzi kapena kuposerapo, kuti chilichonse chotuluka m'thupi mwake chizioneka.

Kamba alibe chochita m'galasi. Kuwala kwa dzuwa kumene kumathandiza thupi lake kupanga vitamini D ndi kulimbitsa mafupa sikudutsa pagalasi, choncho kumuika pawindo sikuthandiza, chigoba chimafewa ndithu. Mukanyamula galasilo kukaliika padzuwa la ku Tete, m'kati mumatentha mwakuti nyama imafa nthawi yochepa chabe. Kuno kumtunda vuto ndi lina: dothi lonyowa pamodzi ndi kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumabweretsa chimfine, thovu m'mphuno, kupuma kolira, ndi kuwola kwa chigoba cha kunsi. Kamba amafuna bwalo lotchinga, udzu, mthunzi, dzuwa ndi madzi osaya. Za birimankhwe ndinena mwachidule: amamwa madontho a pamasamba, amafuna mphepo yodutsa ndi tizilombo tamitundumitundu, ndipo ambiri otoledwa kutchire sakhalitsa m'nyumba. Musiyeni pamtengo pomwe mwamupeza.

Tsopano za anthu amene akupha ziwetozi ndi mankhwala, ndipo pano ndikupemphani mumvetsetse. Kamba wa kutchire amakhala ndi nkhupakupa m'khwapa ndi m'khosi. Mwini amapita kwa wogulitsa mankhwala a ziweto kumsika, wogulitsayo n'kutapa ivermectin, yemweyo wa ng'ombe ndi mbuzi, nati bayani pang'ono. Ivermectin ndi poizoni kwa kamba. Amamupuwalitsa miyendo ndi khosi, kenako amalephera kupuma, ndipo ngakhale mlingo wochepa ukhoza kumupha. Musalole aliyense, ngakhale atavala chovala choyera, kubaya kamba mankhwala amenewa. Nkhupakupa zimachotsedwa imodziimodzi ndi kopanira, bala n'kulitsuka. Dibi wa ng'ombe, parafini, oyilo wakutha wa galimoto wopaka pachigoba kuti chiziwala, zonsezi ndaziona, ndipo zonse zimavulaza. Ena amaboola chigoba kuti amangepo chingwe. Chigobacho ndi fupa lamoyo, chili ndi magazi ndi mitsempha, nyama imamva kuwawa.

Ogulitsa a pa intaneti nawonso chenjerani nawo. Munthu amene akukugulitsani dothi, tizilombo ndi nyama yomwe, ndiye akhalenso dokotala wanu? Mukamuuza kuti nyama yadwala, yankho lake lidzakhala lakuti dikirani kapena gulani china. Enanso akutuma ana kukakumba akangaude m'mauna posinthana ndi timameticais tochepa. Lamulo la Mozambique loteteza zachilengedwe, la 2014 limene linakhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kugwira ndi kugulitsa nyama zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo bungwe loyang'anira malo otetezedwa monga paki ya Mágoè ndi ANAC. Akamba a pamtunda ndi abirimankhwe ali pa mndandanda wa pangano la CITES, la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera za kutchire, kotero kuwawolotsa malire kupita ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe popanda mapepala ndi mlandu. Komanso mwana amene mukumutuma kukapisa dzanja mu una mukumuika pangozi. Akangaude a kuno alibe ubweya woyabwa umene anzawo a ku America amadzitetezera nawo, chida chawo ndi mano, ndipo akaluma ululu ndi kukokana kwa minofu kumatha kukhala masiku. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo n'kupita kuchipatala, osatema mphini, osamanga chingwe. Akamba ndi abuluzi nawo amanyamula Salmonella, kachilombo kotsekula m'mimba, ndipo m'dothi lonyowa losasinthidwa kamakhalitsa. Mwana wosakwana zaka 5 asamasewere m'khola lotere, ndipo wamkulu asambe m'manja akagwiramo.

Kodi ndiye khola la bioactive n'loletsedwa? Ayi. Ngati nyama yanu inabadwira m'manja mwa oweta ovomerezeka, ndi yamtundu wokonda chinyezi, ili bwino m'thupi, ndipo mwaisunga kale m'khola wamba mpaka kudziwa khalidwe lake, mukhoza kuyesa. Kholalo likhale loboola m'mbali zonse ziwiri kuti mphepo izidutsa, pansi pakhale timiyala tosunga madzi otsikira, ndipo lizikhala mwezi umodzi kapena iwiri lopanda nyama kuti muone chimene chimere ndi chimene chituluke m'dothimo. Kwa kangaude ikani ma springtail okha, ma isopod ayi. Ndipo muziyang'anamo tsiku lililonse monga kale.

Mukaona kamba akutuluka thovu m'mphuno, buluzi wasiya kudya n'kuyamba kuonda, kapena kangaude akutuluka madzi m'thupi, mutulutseni m'dothimo tsiku lomwelo, mumuike m'kabokosi koboola, koyala pepala, pamthunzi, ndipo mupite naye kwa dokotala wa ziweto osadikira mawa. Kangaude wogona chagada amene sakutuluka madzi musamunyamule, chotsani tizilombo tomuzungulira basi. Galasi lisiyeni kunyumba, limagwedezeka pa chapa n'kuvulaza nyama. Tengani chimbudzi chatsopano m'kapepala kapulasitiki, chithunzi cha khola pafoni, ndi botolo la mankhwala aliwonse amene mwapereka kale, ngakhale mukuchita nalo manyazi, chifukwa popanda kudziwa chimene nyama yalandira dokotala sangadziwe poyambira.