Ngalande yakuya si mankhwala a madzi osefukira ku Mangochi

Mvula ikangodzaza msika, mawu amakhala amodzimodzi: “Akhonsolo akumbe ngalande zikuluzikulu, zakuya, vuto lithe.” Zikanakhala choncho bwenzi titapuma kalekale.

Tauni ya Mangochi ili pachidikha, m'mphepete mwa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Madzi amafuna potsetsereka, osati pozama. Ukakumba kwambiri pamalo athyathyathya chonchi, pansi pa ngalande pamafanana ndi mtsinje, ndiye madzi amangoti phee, udzudzu n'kumaswana. Nyanja ikakwera ngati mu 2024, pamene inalowa m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe, Shire amatha kubweza madzi m'ngalande momwemo. Simenti yonse ija yapita pachabe.

Tsono tisanawononge ndalama, tiziwerengera mbali zonse. Ngalande ya konkire imadya ndalama pomanga, komanso chaka chilichonse imafuna anthu ochotsa mchenga. Kusiya osachita kanthu nakonso n'kodula: nyumba za zidina zosawotcha zimagwa, zimbudzi zimasefukira, ndipo kolera wa 2022 mpaka 2023 sitinamuiwale kuno.

Kawirikawiri chotchinga madzi ndi kalavati wamng'ono pansi pa msewu, wodzaza majumbo, mabotolo ndi makoko a chimanga. Anyamata angapo ndi mafosholo amamutsegula tsiku limodzi mu Okutobala, mvula isanayambe. Chovuta kunena poyera n'chakuti ena tinamanga m'madambo, momwe madzi ankapumira asanatsikire ku Shire, ndipo pamenepo ngakhale ngalande yotani siingakuteteze.