Fakitale ya mipando ikabwera, funsani za matabwa

Ndatopa nalo funso limene anthu amathamangira kampani yakunja ikalengeza kuti imanga fakitale ya mipando: "Ilemba anthu angati?" Chiwerengero chimenecho chimatchulidwa tsiku lotsegulira, ndipo palibe amene amabwerera kukawerenganso pakadutsa zaka 5. Ife a ntchito za matabwa timayamba tafunsa kuti matabwa achokera kuti, nanga aumitsa ndani.

Mpando wa m'nyumba umafuna thabwa louma, chinyezi chake chikhale pakati pa 8 ndi 12 peresenti, apo ayi umang'aluka kapena kupindika. Dzuwa lokha kawirikawiri silifikitsa pamenepo, pamafunika uvuni woumitsira matabwa. Uvuni ukasowa, fakitale imaitanitsa kunja matabwa, guluu ndi mahinji omwe, anthu a m'dzikomo n'kumangolumikiza zidutswa. Ntchito yotere sichedwa kusamuka.

Nkhani ya ku Danville, m'boma la Virginia ku America, imandiwawabe. IKEA, kampani yaikulu yopanga ndi kugulitsa mipando, inatsegula fakitale kumeneko mu 2008, akuluakulu a derali ataikopa ndi thandizo la ndalama. Mu 2019 inatsekedwa, anthu pafupifupi 300 n'kukhala pa ulova. Kampaniyo inati zipangizo zinali zodula kuyerekeza ndi ku Ulaya. Antchito aja luso anali nalo, koma fakitale inalibe mizu. Pomwe ku Poland kampani yomweyo yakhala ikugula mipando kuyambira 1961, chifukwa nkhalango, macheka ndi mafakitale a mabolodi zili pompo.

Ena amanditsutsa potchula Vietnam, kumene mafakitale akunja anakhazikika. Inde, America itaika msonkho wokwera pa mipando ya kuchipinda yochokera ku China mu 2005, mafakitale ambiri anasamukira ku Vietnam. Koma taonaninso minda ya mitengo ya akesha imene alimi a ku Vietnam anadzala.

Chenjerani kwambiri ndi obwera ndi zithunzi zokongola za masofa pamene maso awo ali pa nkhalango. Amayamba apempha chilolezo chodula mitengo, fakitale akuti ibwera pambuyo. Dziko la Gabon linachita kuletsa kutumiza zipika kunja mu 2010, komabe zambiri zotuluka kumeneko ndi matabwa ongocheka ndi ongosenda, mipando ndi yochepa. Musadikire mitengo ithe kuti mufunse. Uvuni uyake, makina azikidwe, akalipentala a m'dzikomo ayambe kuphunzira kuwayendetsa ndi kuwakonza, kenako chilolezo chisainidwe.