Kalembera wa mbalame wa pa Khirisimasi: zinayamba bwanji mu 1900?

Kuyambira pa 14 Disembala mpaka pa 5 Januwale, anthu masauzande ku America ndi ku Canada amalawirira m'chisanu choluma zala kukawerenga mbalame, popanda malipiro. Pomwe kalemberayu, wotchedwa Christmas Bird Count, anachitika ulendo wa 125 kumapeto kwa 2024, nkhani ya chiyambi chake inamvekanso paliponse: kuti Frank Chapman, katswiri wa mbalame wa ku America, anathetsa uzimba wa pa Khirisimasi pouza anthu kuti asiye mfuti, atenge pensulo. Nkhaniyi ndi yokoma, koma ikusiya anthu ena kunja.

Uzimbawo unalikodi. Amuna ankagawana magulu awiri, n'kulowa m'tchire, ndipo gulu lobwera ndi mulu waukulu wa mbalame ndi tinyama ndilo linkapambana. Koma Chapman mwiniwake, polemba m'magazini yake ya Bird-Lore mu Disembala 1900, anaunena mwambowu ngati chinthu cha zaka zapitazo. Choncho unali utayamba kale kuzilala, ndipo n'kovuta kunena kuti kalembera ndiye anaupha.

Chimene chinkapulula mbalame kwambiri chinali malonda. Mu 1886 Chapman yemweyo anayenda m'misewu ya New York akuyang'ana zipewa za amayi, ndipo anazindikirapo nthenga za mitundu pafupifupi 40 ya mbalame za m'dzikolo. Akakowa ankawomberedwa pa zisa, poti nthenga zofunidwazo zimamera nthawi yoswana; anapiye ankatsala n'kufa ndi njala. Amene anayamba kulimbana nazo mwamphamvu ndi amayi awiri a ku Boston, Harriet Hemenway ndi Minna Hall. Iwowa ankaitanira anzawo tiyi n'kuwapempha kuti aleke kuvala nthenga, ndipo mu 1896 anayambitsa bungwe loteteza mbalame la Massachusetts Audubon Society. Mu Meyi 1900 lamulo la dziko la America lotchedwa Lacey Act linaletsa kuwolotsa malire a zigawo ndi nyama zophedwa mophwanya malamulo. Chapman anafesa m'munda womwe amayiwa anali atalima kale, ndipo zimandiwawa kuti maina awo satchulidwa kawirikawiri pa chikumbutsochi.

Komabe nzeru ya Chapman sitingaichepetse. Pa 25 Disembala 1900, anthu 27 okha anawerenga mbalame m'malo 25, kuyambira ku Toronto mpaka ku Pacific Grove m'chigawo cha California. Anapeza mitundu pafupifupi 90, mbalame zokwana ngati 18,500. Chapman anadziwa kuti anthu amakonda mpikisano, ndipo sanaukanize, anangosintha chopikisanirana.

Zotsatira zake zinayenda pang'onopang'ono: kalembera anakhala m'manja mwa bungwe loteteza mbalame m'dziko lonse la America la National Audubon Society, ndipo gulu lililonse linapatsidwa dera lozungulira la makilomita 24 m'mimba mwake, lomwelo chaka ndi chaka.

Akatswiri ena amakayikira ziwerengerozi, ndipo zifukwa ali nazo: chaka china kumabwera anthu ambiri, china ochepa, ndipo madera oyandikira mizinda amawerengedwa kuposa akumidzi. N'chifukwa chake owerenga amalembanso maola amene ayenda. Ngakhale zili choncho, kafukufuku wa mu 2019 m'magazini ya Science, amene anapeza kuti North America yataya mbalame pafupifupi 3 biliyoni kuchokera mu 1970, anadaliranso zolemba za anthu odziperekawa.