PlayStation sinali yoyamba kugwiritsa ntchito CD

Okonda magemu ambiri amakhulupirira kuti Sony ndiyo inayambitsa zoika magemu pa CD. N'zomveka ndithu, poti PlayStation yake inafalikira ponseponse mpaka kugulitsa makina oposa 100 miliyoni. Koma pomwe inkatuluka ku Japan mu Disembala 1994, anzawo anali atayamba kalekale.

Kampani ya NEC inatulutsa CD-ROM² mu Disembala 1988, chipangizo chowerengera CD cholumikiza ku makina ake a magemu otchedwa PC Engine. Sega inatsatira ndi Mega-CD mu 1991, makina ena a magemu otchedwa 3DO n'kubwera mu 1993. Nayo Saturn ya Sega inatsogola PlayStation ndi masiku 11.

Chosangalatsa n'chakuti Sony inayamba ngati mnzake wa Nintendo. Ankapangira limodzi chowerengera CD cha Super Nintendo, koma mu 1991 Nintendo inasintha maganizo n'kugwirizana ndi kampani ya Philips. Sony, itasiyidwa padzuwa, inapitiriza yokha.

Luso la Sony linali pa malonda. Kudinda CD kunali kotchipa kuposa kupanga katiriji (kabokosi kosungiramo gemu kolowetsa m'makina), ndipo CD imodzi inkanyamula pafupifupi 650MB pamene katiriji wamkulu wa Nintendo 64 ankathera pa 64MB basi. Malo amenewa ndiwo anakopa Square, kampani yopanga magemu, kutulutsa gemu ya Final Fantasy VII pa PlayStation mu 1997, pa ma CD atatu.