Kope la chopereka cha pa 14 Meyi

Mkangano wa kudera kwathu, m'tauni ya Kasungu muno, unayambira pa kope. Amfumu a buloko anatuma anyamata awiri kuti ayende khomo ndi khomo kulemba mayina a anthu osonkha ndalama za mwambo wokumbukira Kamuzu: ya nyama, ya chimera cha thobwa, ya mafuta a lole yonyamula amayi ovina. Nyengo anaisankha bwino. Mu Meyi chimanga chili m'nkhokwe, fodya akugulidwa ku Chinkhoma, ndipo ngakhale wakabaza amayenda ndi kangachepe m'thumba.

Atafika pa agogo ena ogulitsa zitumbuwa pafupi ndi mjigo, zinthu zinavuta. Agogowo anapukuta manja pa chitenje, kuyang'ana kope lija nthawi yaitali, kenako nkunena kuti: "Ana inu, zolembana mayinazi tinazisiya mu 1994. Kawauzeni amfumu kuti ndikafuna kupereka ndibwera ndekha, miyendo ndili nayo." Anyamatawo, obadwa Kamuzu atamwalira kale, anabwerera akung'ung'udza kuti agogo ndi aumbombo. Sanamve chimene chinanenedwa.

Tsiku la 14 Meyi, tchuthi chokumbukira Kamuzu, lili ndi mbiri yokhotakhota. Boma la nthawi yake linkati Hastings Kamuzu Banda anabadwa pa 14 Meyi 1906, pomwe olemba mbiri ambiri amaloza cha m'ma 1898. Kumudzi kunalibe wolemba masiku obadwa, choncho tsikulo linachita kuikidwa. Muluzi atapambana chisankho cha pa 17 Meyi 1994, tchuthichi chinachotsedwa, m'malo mwake dziko nkumakumbukira 14 Juni, tsiku la riferendamu ya 1993. Amene anachibwezeretsa ndi Bingu wa Mutharika, yemwenso anamanga chiliza cha Kamuzu ku Lilongwe nkuchitsegula mu 2006. Kamuzu mwiniwake anamwalirira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997.

Kwina konse tchuthichi ndi tsiku longochapa zovala. Kuno ayi, chifukwa munthuyo ndi mwana wapakhomo. Mudzi wa Chiwengo uli pompa. Nyumba yake ya Nguru ya Nawambe timaionera patali tikamadutsa. Ku Mtunthama, pafupi ndi mtengo wa kachere umene amati ndi pomwe anayambira sukulu, anamanga Kamuzu Academy mu 1981, nkumatengako ana anzeru a m'maboma onse kuti adzaphunzire mpaka Chilatini ndi Chigiriki, makolo awo osalipira kanthu. Munthu wa ku Kasungu akamanyadira zimenezi sindimutsutsa. Inenso ndimanyadira.

Koma agogo aja akaona kope amakumbukira zina. Amakumbukira achiswe, anyamata a malaya ofiira, ataima pachipata cha msika kufunsa khadi la chipani. Wopanda khadi sankalowa mumsika kapena kukwera basi, ndipo amayi apakati ankauzidwa kuti agulirenso mwana wa m'mimba. Amakumbukira "mphatso" za Ngwazi, mazira, nkhuku, mbuzi, ndalama, zimene zinkatchedwa zaufulu koma wokana dzina lake linkadziwika. Ndipo mbumba ikaitanidwa kukavina, mayi ankasiya mphika pamoto ndi mwana wodwala, nkukwera lole. Ena ankavina ndi mtima wonse, tisanamizane. Nyimbo zija mpaka lero zimawatuluka okha pakamwa akamasinja. Ena ankavina chifukwa cha mantha. Pa chithunzi onse amaoneka chimodzimodzi, nsalu imodzi, nkhope ya Kamuzu pachifuwa.

Palinso chilonda china chimene pamwambo sichitchulidwa. Mwezi womwewu wa Meyi, mu 1983, nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwera ku Thambani m'boma la Mwanza, boma nkulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Anali Dick Matenje, Twaibu Sangala, David Chiwanga ndi Aaron Gadama. Gadama anali wa kuno ku Kasungu, nduna ya chigawo chapakati. Kamuzu anazengedwa mlandu wa imfazi mu 1995 ndipo khoti linamupeza wosalakwa. Imfa ya Gadama ikuonetsa kuti kukhala wakwawo kwa Ngwazi sikunali chishango. Nkhani ya malo nayo ndi yomweyo: maesiteti akuluakulu a fodya anadya minda yambiri m'boma lino, mlimi wamba osaloledwa kulima fodya wa bale mpaka cha m'ma 1990, ndipo ambiri mwa ife okhala m'tauni muno ndife ana a matenanti amene anatsika m'maesitetimo opanda ndi khasu lomwe.

Ndiye amfumu ataitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, anthu anagawikana mosayembekezeka. Sizinayendere chipani. Bambo wina amene amavala tambala wakuda pachipewa tsiku lililonse ndi amene anaima kumbali ya agogo, nati chopereka cholemba mayina chimanunkha zakale. Mphunzitsi wina wachinyamata ndiye anakakamira kope, ati popanda kulemba ndalama zimathera m'matumba a komiti, ngati zija za mjigo chaka chatha. Apa anthu anaseka, amfumu nkuyang'ana pansi. Mfundo ya mphunzitsiyo inali yoona, ndipo ine ndinasowa poima.

Anagwirizana zoti kope likhalepo koma lizilemba ndalama zokha, dzina ayi, ndipo msungichuma aziwerenga pagulu Lamlungu lililonse anthu akaweruka kutchalitchi. Mphunzitsi uja sanakhutire, mpaka pano akuti tidzaona.

Pa 14 m'mawa kunali kamphepo kozizira kochokera kuphiri. Agogo aja kumwambo sanapite. Anatuma mdzukulu wawo ndi beseni la zitumbuwa lovundikira nsalu yakale yofwifwa, nkumuuza kuti akangotula abwerere, ndipo nsaluyo asaiiwale.