1,000,001 si prime, tiyeni tisiye kunamizana

Nkhani iyi ndatopa nayo, kuyambira tili ku pulayimale mpaka lero anthu akungobwereza zoti nambala yaikulu ikathera ndi 1, 3, 7 kapena 9 ndiye kuti ndi prime basi. Ena amachita kupereka 1,000,001 ngati chitsanzo.

Prime ndi nambala yoposa 1 yomwe imagawika ndi 1 komanso iyo yomwe basi, popanda chotsala. Zoona zake, ma prime onse opitirira 5 amatheradi ndi 1, 3, 7 kapena 9, koma si nambala iliyonse yothera choncho yomwe ili prime, apa ndi pomwe anthu amasokonezera. Tengani foni, tsegulani kakyuleta, lembani 101 × 9,901, muona 1,000,001 yatuluka yokha. 1,001 nayo ndi 7 × 11 × 13. Chonsecho 1,000,003, yoyandikana nayo pomwepo, ndi prime yeniyeni.

Kuyesa kwake sikovuta, phatikizani madijiti ake, zikagawika ndi 3 ndiye kuti nambala yonseyo imagawika ndi 3, monga 111,111 imapereka 6. Ikapulumuka apo igaweni ndi ma prime otsatira, 7, 11, 13 kumapita choncho mpaka pa square root yake (nambala yomwe mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka nambala mukuyesayo), ya miliyoni ndi 1,000 chabe. Musanatumize zoterezi pa WhatsApp kapena kuphunzitsa mwana, yambani mwayesa kaye.